Matenda a Mitengo Nawonso Amadwala

Ku Ulaya ndi ku America kuli mtengo wa m'nkhalango wotchedwa chestnut. Umabereka mtedza wodyedwa, ndipo matabwa ake sawola msanga. Mu 1904 anthu anaona mitengoyi ikufota mumzinda wa New York. Chomwe chinkaipha ndi fangasi, mtundu wa chuku, yemwe anabwera ndi mbande zochokera ku Asia. Pofika 1950, mitengo yoposa mabiliyoni atatu inali itafa.

Fangasiyu amalowera pabala la khungwa. Akalowa amadya cha m'kati n'kupanga chilonda. Chilonda chikazungulira thunthu lonse, njira ya madzi ndi chakudya imaduka, monga zimakhalira munthu akasenda khungwa kuzungulira mtengo. Kumtunda konse kumauma. Chitsa chimaphuka ndithu, koma mphukirazo zikangoti zakula, nazo zimagwidwa. Nkhalango yaikulu chonchi sungaipopere mankhwala.

Mu 1938 matendawa anapezeka ku Italy. Patapita zaka, katswiri wina, Antonio Biraghi, anadabwa kuona zilonda zina zikupola zokha. Mnzake wa ku France, Jean Grente, anatapa fangasi pa zilonda zoterezi. M'malo mooneka wachikasu chofiirira, anali woyera, komanso wofooka. Pambuyo pake zinadziwika kuti m'kati mwake muli vayirasi. Wakupha uja naye anali atadwala!

Apa ndi pomwe panachokera mankhwala, ndipo nzeru yake ndi yogometsa. Akatswiri amaweta fangasi wodwalayo. Kenako amaboola timabowo pakhungwa, kuzungulira m'mphepete mwa chilonda, n'kuikamo fangasiyo. Timaulusi ta fangasi wodwala tikakumana ndi ta fangasi wamphamvu, timalumikizana. Vayirasi amawolokera pomwepo. Wamphamvu uja amafooka, amangodya pamwamba, ndipo mtengo umapeza mpata womeretsa khungwa latsopano. Fangasi safa, koma sathanso kupha.

Pali vuto limodzi. Timaulusi timalumikizana bwino ngati mafangasi awiriwo ndi apachibale. Akakhala osiyana, pokumanapo pamafa, ndipo vayirasi amavutika kuwoloka. Ku Ulaya mitundu ya fangasiyu ndi yochepa, choncho vayirasi wafalikira m'nkhalango zambiri, kwina popanda munthu womunyamula. Ku America mitundu ndi yambiri. Chilonda chothiridwa mankhwala chimapola, koma mtengo woyandikana nawo umafabe, kupatula m'madera ochepa monga a ku Michigan.