NTHENDA YOBWERA NDI KUCHOKA

Pali nthenda ina ya mitsempha imene madokotala aitcha multiple sclerosis. Amene anayamba kuifotokoza bwino ndiye Jean-Martin Charcot wa ku Paris, m'chaka cha 1868. Kuno ku Africa siioneka kawirikawiri, koma mu 2020 odwala ake pa dziko lonse anali 2.8 miliyoni, ndipo akazi ndiwo anachuluka.

Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mu msana ili ndi chokutira, monga waya wa magetsi. Chitetezo cha m'thupi chikasokera, chiononga chokutiracho, ndipo mauthenga sayenda bwino. Munthu amva dzanzi, miyendo ilemera, diso lichita chifunga, natopa msanga.

Chovuta chake nchakuti zizindikirozi zibwera ndi kuchoka. Mayi amene dzulo anakolola mpunga, lero alephera kunyamula chidebe. Anansi ayamba kunena kuti ndi ulesi, ena ati walodzedwa. Zonsezi nzabodza, ndiponso nthendayi siipatsirana.

Anthu a ku Liwaladzi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwa kuti kutentha kukulitsa zizindikiro kwa kanthawi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Nchifukwa chake wodwala achite izi:

1. Alime m'mamawa, ndipo dzuwa likakwera apume pa mthunzi.
2. Asambe madzi ozizira a pa mjigo, ndi kumwa madzi ambiri.
3. Agone mu neti, pakuti malungo atenthetsa thupi nautsa zizindikiro zakale.
4. Alembe m'kope tsiku limene vuto linayamba ndi limene linatha. Aphunzitsi angathe kuthandiza osadziwa kulemba.
5. Chizindikiro chatsopano chikapitirira maola 24, apite ku chipatala ndi kope lija.

Munthu asadziweruze yekha. TB ya msana, likodzo ndi HIV nazo zifooketsa miyendo, ndipo zili ndi mankhwala ake. Chipatala cha pa boma la Nkhotakota chingathe kumtumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akamuyeze bwino.

Mankhwala ochiziratu nthendayi sanapezeke, koma alipo ochepetsa kubwerera kwake. Achibale amkhulupirire wodwala pa tsiku loipa, ndipo pa tsiku labwino amlole agwire ntchito yake.