Kuphunzitsa za Kuyenda kwa Nthaka pa Malo a Madzi Otentha

Ana a ku Kasungu amaona nthaka ngati chinthu chosasuntha, pakuti dera lawo ndi lachidikha. Komabe kum'maŵa kwawo, ku Nkhotakota, kuli akasupe otentha a Maŵira, ndipo ena ali ku Chiŵeta m'boma la Rumphi. Akasupe ameneŵa amatuluka m'ming'alu ya chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malaŵi.

Maiko ena amapanga magetsi ndi nthunzi yotere. Dziko la Kenya lidayamba ku Olkaria mu 1981, pamene New Zealand idayamba ku Wairakei mu 1958. Kwathu kuno sitinayambe. Mphunzitsi afotokozenso vuto lake: madzi akapopedwa ochuluka osabwezeredwa pansi, nthaka imatitimira. Ku Wairakei malo ena adatsika mamita oposa 10.

Nanga akatswiri amadziŵa bwanji msanga? Setilaiti, monga Sentinel-1 imene idaponyedwa m'mlengalenga mu 2014, imatumiza mafunde a radar pansi ndi kulandira obwerera, usiku kapena usana, kaya kuli mitambo. Ikadutsanso pamalo pomwepo patapita masiku angapo, zithunzi ziŵirizo zimafananitsidwa. Ngati njira ya mafunde yatalika, nthaka yatsika. Ngati yafupika, yakwera. Motero kusuntha kwa masentimita ochepa kumaonekera. Njira yomweyi idathandiza pofufuza zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009.

Yambani phunziro ndi chimene ana akuchidziŵa: tsamba la fodya limafota m'chigafa madzi akathamo. Kenaka ikani chinkhupule chonyoŵa m'beseni, muthirepo mchenga, ndi kuyala ndodo pamwamba pa beseni. Mwana mmodzi ayeze ndi lula kuchokera pa ndodo kufika pa mchenga, anzake alembe. Finyani chinkhupule pang'ono ndi dzanja, madzi atuluke, ndipo mwana wina ayezenso. Ndodo ikuimira setilaiti. Kusiyana kwa miyeso iŵiriyo ndiko kutsika kwa nthaka.

Musawauze yankho ana asanayeze okha. Potsiriza afunseni kuti: kodi boma litafuna kumanga makina a magetsi ku Chiŵeta, tingayeze liti koyamba, makina asanayambe kupopa kapena atayamba kale? Mwana amene anganene chifukwa chake muyeso woyamba uyenera kutengedwa nthaka isanasokonezedwe, ameneyo wamvetsa phunziro.