Gawo la Otsala ndi Akatundu

Kuwerenga: 1 Samueli 30:1-25

Ambiri a ife tinamvapo za kampu ya asilikali ya Tug Argan ku Ndola, koma si onse adziwa kumene dzinali linacokera. Tug Argan ndi malo ouma a miyala ndi minga ku Somaliland, kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi asilikali a Italy mu August 1940. Pamene amunawo anali kumeneko, kumudzi kuno kunatsala akazi amene analima okha ndi kulera ana okha, osadziwa ngati adzaonananso. Maina a akaziwo sanalembedwe pa cipata ca kampu iliyonse. Phunziro la lero likunena za iwo, ndi za inu amene mwatsala pakhomo masiku ano.

Kumene amapita

Maulendo otere sanathe. Nkhondo itabuka ku Darfur, kumadzulo kwa Sudan, mu 2003, African Union inatumizako osungitsa mtendere mu 2004, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2007 kufikira December 2020 nchitoyi inagwiridwa pamodzi ndi United Nations. Asilikali ndi apolisi a Zambia anatumikira ku Sudan m'zaka zimenezo. Mu 2015 asilikali athu anayamba kutumizidwanso ku Birao, m'dziko la Central African Republic, pafupi ndi malire a Sudan ndi Chad. Ena mwa opitawo ndi akazi, motero wotsala ndi ana nthawi zina ndi bambo kapena ambuya.

Kumpoto kwa Darfur kumagundana ndi cipululu ca Sahara. Miyezi ya April ndi May kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe usiku wa December kumazizira kwambiri. Kumabweranso cimphepo ca fumbi cimene eni dziko amacicha haboob: cimaima ngati khoma, kunja n'kucita mdima masana, mcenga n'kulowa m'cakudya ndi m'zofunda. Madzi amagwiritsidwa nchito mopima. Imodzi mwa nchito za osungitsa mtendere kumeneko inali kuperekeza amai othawa nkhondo pokatola nkhuni, kuti asagwiriridwe m'njira. Mukamapempherera amuna anu, dziwani kuti nchito yao imateteza amai onga inu.

Pa mtsinje wa Besori

Davide ndi anthu ake anapeza mudzi wa Zikilaga utatenthedwa ndi Aamaleki, akazi ndi ana atatengedwa. Ananyamuka amuna 600 kukalondola adaniwo, koma pa mtsinje wa Besori amuna 200 analema, natsala ndi akatundu. Amuna 400 aja atabwerako ndi zofunkha, ena oipa mtima anafuna kuti otsalawo asalandire kanthu koma akazi ndi ana ao okha. Davide anakana. Anawakumbutsa kuti wopatsa cipambano ndi Yehova, nalamula kuti wopita kunkhondo ndi wosunga akatundu azigawana mofanana. Ili linakhala lamulo mu Israyeli.

Amai, inu simunatsale cifukwa ca kulema monga amuna aja, koma lamulo la Davide likukhudzani. Nyumba, ana, munda ndi mbiri ya banja ndiwo akatundu amene mwasiyiridwa. Pamaso pa Mulungu kuwasunga ndi utumiki wa mtengo wofanana ndi wa uja ali m'cipululu. Tsono musadziyese munthu wongodikira. Inunso muli pa nchito, ndipo nchitoyo ili ndi mwambo wake.

Kusunga pemphero

Ngati atate ndiwo anali kutsogolera mapemphero a madzulo, musaike Buku Lopatulika pa shelefu kufikira atabwera. Tsogolerani inu. Panganani nao buku limodzi loti muziwerenga mutu umodzi pa tsiku, iwo uko inu kuno, kuti poimbirana foni mukhale ndi cokambirana coposa mavuto. Salmo 63, limene mutu wake uonetsa kuti Davide anali m'cipululu ca Yuda, ndi labwino kuyambira. Ana ang'ono sadziwa kutalika kwa caka. Mungaike njere za cimanga m'botolo monga mwa masabata otsala, ndipo Sondo iliyonse mwana mmodzi acotsepo imodzi ndi kupempherera atate ake powachula dzina.

Kusunga mtima

Kumalo amenewo netiweki imaduka kawirikawiri, ndipo msilikali akakhala pa ulonda wakutali sangaimbe. Masiku atatu opanda uthenga sakutanthauza maliro. Musathamangire kukhulupirira zonse zoyenda pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo musazitumize kwa mnzanu amene mwamuna wake ali gulu lomwelo. Mukada nkhawa, funsani kwa akuluakulu a pa kampu kapena kwa abusa a asilikali. Komanso musalengeze kwa anthu kumene amuna anu ali ndi tsiku limene ayenda.

Tinenenso poyera za mayesero. Kusungulumwa kulipo kuno, kuliponso uko. Adzabwera ena odzipereka kukonza mpopi kapena kukuperekezani ku tauni, koma mtima wao uli pena. Thandizo lilowe m'nyumba masana, ana ali pomwepo. Ndipo pempherani kuti amuna anu asunge pangano la ukwati monga inu mukulisungira.

Kusunga ndalama

Ndalama za ku mishoni zamanga nyumba zambiri, zapasulanso mabanja ambiri. Abale a mbali zonse ziwiri akamva kuti munthu wapita kunja, mapempho amaculuka. Gwirizanani asanapite: zingati za pakhomo, zingati zothandiza makolo, zingati zosunga, ndi copereka ca kwa Mulungu. Lembani m'kabuku zonse zolowa ndi zotuluka. Pewani kaloba wodalira ndalama zimene simunazigwire m'manja. Munthu amene wapirira dzuwa ndi fumbi caka cathunthu asapeze nkhongole zikumudikira pakhomo.

Akabwera

Ena amabwerako ali cete. Sagona bwino, amadzidzimuka citseko cikamenyeka, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Aona zinthu zimene sangathe kuzifotokoza msanga. Musawaumirize kulankhula, musawanene kuti asintha cifukwa ca mkazi wina musanadziwe coona. Inunso mwazolowera kulamula zonse nokha, ndipo kubwezerana maudindo kumafuna kuleza mtima. Koma vutolo likapitirira, kapena mowa ndi nkhanza zikalowapo, musabise. Uzani abusa, ndipo pitani kucipatala, pakuti mabala a m'maganizo nao ali ndi cithandizo.

Udindo wa Cigwirizano

Taonani vesi 21. Davide atafika kwa otsalawo, anayamba wawalonjera ndi kuwafunsa za moyo wao, nkhani ya zofunkha isanayambe. Kodi ife timatero? Sabata yoyamba timapita ambiri, koma pofika mwezi wacisanu, pamene mwana wadwala usiku ndipo denga likudontha, mnzathu ali yekha. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Dera lililonse lilembe mabanja amene ali ndi munthu ku mishoni, ndipo amai awiri asankhidwe kuyendera banja lililonse kufikira mwini wake atabwera. Tipite kukathandiza, osati kukafufuza nkhani zokakamba kumsika.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciani Davide anakana maganizo a amuna oipa mtima aja?
2. Ndi akatundu ati amene ali ovuta kwambiri kuwasunga mwamuna kapena mwana akakhala kutali?
3. M'dera lathu ndani watsala yekha, ndipo ndani adzamuyendera sabata ino?

Pemphero

Atate wathu, sungani ana anu amene ali m'maiko a dzuwa ndi mcenga, ndipo patsani mtendere anthu a kumeneko. Limbitsani otsala pakhomo kuti asunge mokhulupirika zimene mwawasiyira. Tipatseni miyendo yowayendera ndi pakamwa posunga cinsinsi. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.