Makalata a omvera: Nkhope zikamatuluka zamdima pa zithunzi

Tiyankhe kalata yochokera ku Neno, kwa bambo wojambula zithunzi pa maukwati, amene akudandaula kuti nkhope za akwati zikutuluka zamdima chonsecho dzuwa likuswa mtengo. Bambo, kamera yanu sinawonongeke. Iyo imayeza kuwala n'cholinga choti chithunzi chonse chituluke chapakatikati, chotuwa. Ikaona diresi loyera mbee, kapena madzi a Shire akunyezimira pa Zalewa, imachepetsa kuwala, nkhope n'kulowa mumdima. Batani la +/- ndilo lowongolera: pa +1 kuwala kumawirikiza kawiri, pa -1 kumatsika ndi theka. Koma mudziwe chimene batanilo limasuntha. Kamera ikakhala pa A kapena Av limasintha liwiro la shutter: mukaika +1, 1/250 imakhala 1/125, ndipo m'tchalitchi ovina akhoza kutuluka osaoneka bwino. Pa S kapena Tv limasintha kukula kwa kabowo ka lens, kamene kali ndi malire ake. Pa P kamera imasankha yokha. Pa M chithunzi sichisintha, pokhapokha ISO ikhale pa Auto.

Ena anena kuti mungojambula pa M, batanili n'la ophunzira. Ine ndikukana. Akwati akamatuluka m'tchalitchi kulowa padzuwa sangakudikireni kuti musinthe shutter, kabowo ndi ISO. Enanso amati adzakonza pa kompyuta, koma kuwalitsa nkhope pa JPEG kumabweretsa timadontho, ndipo diresi likawala mopitirira muyeso maluwa ake osokedwa sabwereranso. Yambani ndi +0.7 pa Av, muone nkhope ndi diresi, ndipo mukalowanso m'nyumba mubweze pa 0.