Ketulo Yamagetsi Isatipweteke

Omvera athu, lero tikambe za ketulo yamagetsi. Musamaiyatse mulibe madzi, chitsulo chotenthetsa cha pansi chija chimapsa. Madzinso asapitirire mzere wa pamwamba, amasefukira akawira.

Ketulo zambiri zimakoka mawati pafupifupi 2,000. Choncho ilumikizeni pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yodzaza kale ndi ayironi ndi wailesi, waya angatenthe mpaka kuyaka. Amayi, abambo, apa ndiye ndikugogomezera: chingwe chisalendewere pomwe mwana wokwawa angachikoke.

Mukaona zoyera zitamatirira mkati, makamaka inu otunga pa mjigo, wiritsanimo madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, dikirani ola limodzi, kenaka tsukuluzani bwinobwino. Chokhalira ketulo chija musachiviike m'madzi. Zulani pulagi kaye, muchipukute ndi kansalu kouma.