Yankho kwa mayi a ku Bauleni

Mwana wanu sananame ayi. Ku America njira imene wakuuzaniyo ilipodi: zaka 3 pa koleji yaing'ono akuphunzira masamu kapena physics, kenako zaka 2 za uinjiniya ku yunivesite ngati Columbia, n'kutuluka ndi madigiri awiri. Koma mayi, kulipira madola zaka 5 si masewera, ndipo magiredi akatsika sangamulandire uko.

Kuno ku yunivesite ya UNZA, pa Great East Road, zaka n'zomwezo 5. Ayambira ku Natural Sciences, akakhoza bwino chaka choyamba ndiye alowa Engineering. Digiri ndi imodzi, inde, koma madzulo akwera minibasi kudzadya nsima kwanu. Akasankha zakunja, pobwera mapepala ake akaonedwe ku bungwe loona za mapepala a maphunziro la ZAQA, ndipo akalembetse ku bungwe la mainjiniya la EIZ asanayambe ntchito.