Difu Sasinthira pa Njerwa

Galimoto ikayamba kulira kumbuyo, kulira komwe kumakula ukaponda moto n'kuchepa ukachotsa phazi, ambiri timadziwa kuti difu yadwala. Mtengo umene amakaniko amatchula umaziziritsa nkhongono, ndiye maganizo amabwera akuti: si mabawuti chabe kodi, ndimasula ndekha. Musanagone pansi pa galimoto yanu, imvani zimene zidaonekera bambo wina wa ku Ntcheu.

Bamboyu anali ndi Toyota Hilux yakale ya 4x4, imene ankapikulira mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kukagulitsa ku Blantyre. Difu itafika pothera, adakagula ina yakale mumsika wa Ndirande. Wogulitsa adangoti, "Bwana, iyi ndi ya Hilux yomweyo, ingokamangani." Loweruka m'mawa adakweza galimoto ndi jeke pabwalo, nasanjika njerwa zootcha pansi pa chesisi. Adakoka handibuleki, nalowetsa giya, mtima uli m'malo.

Chimene sadaganize n'chakuti handibuleki ndi giya zimagwira matayala akumbuyo, omwe tsopano anali m'malere. Akutsogolo sadawapinge ndi kanthu. Mphwake, mnyamata wa ku sekondale, ndiye adalowa pansi kukamasula propushafti. Bawuti imodzi idali yadzimbiri, ndipo atavalika paipi ku sipanala n'kukoka mwamphamvu, galimoto idasendera kutsogolo. Njerwa idaphwanyika, ekiselo n'kutsikira pamkono wa mnyamatayo. Anthu a m'mudzi adathamanga ndi mitengo kudzanyamula galimoto, koma fupa linali litathyoka kale pawiri. Chitsulocho chikadagwera pachifuwa, bwenzi pakhomopo pali maliro.

Patapita masabata, bamboyo adamaliza ntchito, galimoto n'kuyamba kuyenda bwinobwino. Koma safunsa adadya phula. Ma Hilux amafanana kunja, pomwe magiya a m'difu amasiyana. Giya yaikulu ikakhala ndi mano 41, yaing'ono 10, propushafti imazungulira ka 4.1 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ya mano 43 ndi 10 imapereka 4.3. Difu yakutsogolo ya bamboyu inali ya 4.3, yomwe adagula inali ya 4.1. Poyendera matayala akumbuyo okha vuto silinkaoneka. Mvula itagwa adalowetsa 4x4 m'matope, ndipo atafika pouma osaichotsa, matayala akutsogolo ndi akumbuyo adayamba kulimbana liwiro. Kulimbanako kudathera mu transfer case, yomwe idasweka matumba a mbatata ali pamwamba. Ndalama imene ankaithawa kwa makaniko adailipira kangapo, kuphatikiza ya kuchipatala.

Sikuti munthu sangasinthe difu pakhomo. Ntchitoyi imatheka, bola kutsata malamulo ake. Imikani galimoto pamalo olimba ndi osatsetsereka, pingani matayala akutsogolo uku ndi uku, ndipo ikhazikeni pa masitandi achitsulo. Jeke ndi yokwezera basi, ndipo njerwa siichenjeza ikamasweka. Matayala amene mwachotsa agonekeni pansi pa chesisi kuti akutetezeni zinthu zikavuta. Mwana asalowe pansi.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, werengani mano a magiya onse awiri n'kuyerekeza ndi difu yanu yakale. Musanamasule propushafti, lembani chizindikiro cha penti pamene yalumikizana, kuti ibwerere momwe inalili, apo ayi galimoto imanjenjemera pa liwiro. Yambani mwamasula bawuti yothirira oyilo musanatsegule yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo kenako n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Difu yogula imabwera youma: thirani oyilo wa magiya wa GL-5, monga 80W-90, mpaka afike pakamwa pa bowo lothirira, ndipo ngati ndi ya limited slip imafuna oyilo wakewake. Onaninso kabowo kopumira kali pamwamba pa ekiselo, chifukwa kakatsekeka ndi matope oyilo amakankhidwira ku mabuleki. Ngati mudamasula mapaipi a mabuleki potulutsa mashafti, chotsani mpweya m'mapaipimo galimoto isanatuluke pageti.

Pali malire amene simuyenera kudumpha. Kusintha difu yathunthu ndi ntchito ina, kuiphwasula mkati ndi inanso. Mpata wa pakati pa mano a magiya awiriwo pa Hilux sufika ndi 0.2 mm yomwe, ndipo diso silingauyeze. Ukalakwika, difu imalira, imatentha, ndipo ikhoza kumanga matayala muli pa liwiro ndi anthu m'galimoto. Imeneyo ndi ntchito ya munthu amene ali ndi geji yoyezera.

Choncho inu eni galimoto ndi eni maminibasi, ngati mulibe masitandi, simunawerenge mano, kapena simukudziwa oyilo woyenera, ikani sipanala pansi mupite nayo ku galaja. Difu ina mudzagula, koma mkono wa mwana sugulitsidwa pamsika uliwonse.